Kutola Chithunzi Chabwino Kuchokera mu Vidiyo ya Kalabu Yanu

 Ine ndine mlembi wa kalabu ina pano pa boma la Nkhata Bay, ndipo popeza foni yanga ndi imene ili ndi kamera yabwinoko, ntchito yojambula imagwera ine. Lero ndikufuna ndikuuzeni zimene ndaphunzira pa nkhani yotola chithunzi kuchokera mu vidiyo. Zina ndinazidziwa pofunsa, koma zambiri ndinazidziwa nditalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwina kunaliritsa mnzathu.

Chaka china pa 1 Disembala, tsiku limene dziko lonse lapansi lakhala likukumbukira za Edzi kuyambira mu 1988, kalabu yathu inachita sewero pabwalo pafupi ndi msika. Anthu anadzaza ndithu: asodzi, amayi ogulitsa usipa, ana asukulu ndi ena amene ankadikira minibasi za ku Mzuzu ndi ku Chintheche. Ine ndinajambula vidiyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sewero litatha m'pamene ndinakumbukira kuti sindinajambule chithunzi ngakhale chimodzi. Chonsecho lipoti la kalabu linkafuna zithunzi, ndipo tinagwirizana kale zopanga posita.

Wapampando wathu anati, “Osadandaula, vidiyo ija ili pa gulu la WhatsApp.” Anaiimitsa pakati, n'kujambula sikirini ya foni yake, ife ulendo kokasindikiza. Pepala litatuluka, mkulu wa pa shopupo analiyang'ana, n'kutiyang'ana ife, nati, “Achimwene, awa ndi anthu kapena mitambo?” Nkhope zonse zinali chimbuuzi chokhachokha, ndipo ndalama ya kalabu inali itapita. Kuti inu zisakuchitikireni, tiyeni tione bwino nkhaniyi.

Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri

Choyamba tidziwe kuti vidiyo ndi mndandanda wa zithunzi zimene zimadutsa mofulumira kwambiri, moti maso athu amaona ngati anthu akuyenda. Chithunzi chimodzi cha mu mndandandawo chimatchedwa frame. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi iliyonse. Ndiye kuti pa miniti imodzi pali zithunzi 1,800, ndipo sewero la maminiti 20 lili ndi zithunzi 36,000. Choncho amene ali ndi vidiyo sangasowe chithunzi. Ntchito ili pa kusankha ndi kutola bwino.

Koma si zithunzi zonsezo zimene zili zabwino. Pofuna kuti vidiyo isadye malo ambiri, foni siisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chathunthu apo ndi apo, ndipo pa zotsatirazo imangosunga zimene zasintha. Anthu akamavina malipenga kapena chilimika, zinthu zimasintha zambiri nthawi imodzi, ndiye foni imalephera kusunga zonse bwinobwino. N'chifukwa chake mukaimitsa vidiyo pakati pa gule mumaona timabokosi pa nkhope kapena miyendo yokhala ngati utsi. Vidiyo ikamayenda maso sazindikira zimenezi, koma pa pepala zonse zimaonekera poyera.

Kodi chithunzi chanu n'chachikulu bwanji?

Chithunzi chilichonse cha mu foni chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo. Timadontho tikachuluka, chithunzi chingakulitsidwe osaphwanyika. Vidiyo ya 720p ili ndi timadontho 1,280 m'litali ndi 720 m'lifupi. Ya 1080p ili ndi 1,920 ndi 1,080, zomwe zikupereka timadontho toposa pang'ono 2 miliyoni. Ya 4K ili ndi 3,840 ndi 2,160, timadontho toposa 8 miliyoni.

Osindikiza amakonda kuti pa inchi iliyonse ya pepala pakhale timadontho 300. Tikatsata muyeso umenewu, chithunzi chochokera mu vidiyo ya 720p chimatuluka bwino mpaka masentimita pafupifupi 11 m'litali ndi 6 m'lifupi. Cha 1080p chimafika masentimita 16 ndi 9, chomwe ndi chokwanira bwino pa tsamba la kalata ngati ino kapena mu lipoti. Cha 4K chimafika masentimita 32 ndi 18, kutalika kwake kuposa pepala la A4 mukaligoneka. Posita imene anthu amaiona ali chapatali mungaikulitse kawiri kuposa pamenepa ndipo idzaonekabe bwino, chifukwa palibe amene amawerenga posita ataigunditsa pamphuno.

Dziwaninso kuti mukadula chithunzi kuti patsale munthu mmodzi, mwataya timadontho ta mbali imene mwadulayo. Ngati munaima kutali ndipo munthuyo akuoneka ngati nyerere, palibe batani limene lingam'bweretse pafupi.

Konzekerani sewero lisanayambe

Chithunzi chabwino chimayamba musanadine batani lojambulira. Nazi zimene ine ndimachita tsopano.

1. Lowani mu Settings ya kamera ndi kuona kukula kwa vidiyo. Ikani pa 1080p ngati foni ikulola. Ngati ili ndi 4K, igwiritseni ntchito pa zigawo zifupizifupi zokha, chifukwa 4K imadya malo pafupifupi katatu kuposa 1080p ndipo batire limatha msanga.

2. Ngati pali 60 fps ndipo muli panja kowala, sankhani imeneyo pojambula magule ndi mpira. Imajambula zithunzi 60 pa sekondi, ndiye kuyenda kwa manja ndi miyendo kumagwidwa bwino. M'kati mwa holo kapena tchalitchi momwe muli mdima, bwererani pa 30.

3. Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa. Foni imakhala m'thumba ndi m'manja momwe mwagwira nsomba ndi mandasi. Mafuta pang'ono pa diso lija amachititsa kuti vidiyo yonse ikhale ngati munajambula m'nkhungu.

4. Gonekani foni cham'mbali ngati mukujambula gulu la anthu. Igwireni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira m'nthiti, kapena itsamizeni pa mpando.

5. Musakokere anthu pafupi ndi zala pa sikirini. Pa mafoni ambiri kutero kumangodula ndi kukulitsa timadontho tomwe tija. Yendani ndi miyendo yanu, fikani pafupi.

6. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena cham'mbali. Kuno ku Nkhata Bay nyanja ili kum'mawa, ndiye dzuwa limatulukira pamadzi. Mukajambula m'mawa mutayang'ana kunyanja, kaya pa Chikale kapena pa doko pomwe imakocheza Ilala, madzi amanyezimira ndipo nkhope za anzanu zimangokhala bii. M'mawa inu fulatirani nyanja. Masana dzuwa likapendekera kumapiri, m'pamene nyanja imakhala bwino kumbuyo kwa anthu. Tsiku la mitambo, ngati mmene zimakhalira mu Disembala, ndi labwino kwambiri chifukwa nkhope sizikhala ndi mithunzi yakuda.

7. Uzani osewera kuti pa malo ofunika a sewero aziima phee kwa masekondi awiri kapena atatu. Oonera sazindikira n'komwe, koma inu mwapeza zithunzi 60 kapena 90 zosagwedera zoti musankhepo.

Mafoni ambiri amaonetsanso kabatani kena koyera pamene mukujambula vidiyo. Mukakadina, foni imatola chithunzi vidiyo ili m'kati. Ngati kalabu ili ndi mafoni awiri, ndi bwino koposa kuti wina azijambula vidiyo, wina zithunzi, chifukwa chithunzi chenicheni cha kamera nthawi zambiri chimaposa chotoledwa mu vidiyo.

Funani vidiyo yeniyeni, osati yoyendayenda

Apa m'pamene ife tinalakwitsa koyamba. Vidiyo ikatumizidwa pa WhatsApp kapena kuikidwa pa Facebook, imafinyidwa kuti ichepe ndi kuti isadye bandulo. Poifinyapo timadontho tambiri timatayidwa. Ikuoneka bwino pa kasikirini ka foni, koma mukatolamo chithunzi mupeza kuti mulibe kanthu. Kuyambira mu 2023 WhatsApp ili ndi kabatani ka HD, ndipo kamathandizako, komabe vidiyo yake sifanana ndi yoyambirira.

Choncho pitani kwa mwini foni imene inajambula. Tengani vidiyoyo ndi chingwe cha USB, ndi memori khadi, kapena ndi Bluetooth ngati ili yaifupi. Ngati mnzanuyo ali kutali, mwachitsanzo ku Usisya kapena ku Likoma, m'pempheni aitumize pa WhatsApp ngati Document. Ikatumizidwa motero imafika monga mmene inalili, ngakhale kuti bandulo imapita yambiri. Ngati ndi yaitali, adule kachigawo kamene mukufunako. Ndipo musafafanize vidiyo mu foni musanaisunge pa fulashi kapena pa kompyuta.

Njira zitatu zotolera chithunzi

Njira yoyamba ndi kujambula sikirini ya foni. Ndi yachangu koma ndi yofooka kuposa zonse, chifukwa chithunzi chake sichingapose kukula kwa sikirini yanu. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi sikirini ya timadontho 720 m'lifupi. Mukaonera vidiyo yogona foni itaimirira, chithunzi chenichenicho chimangokhala cha 720 ndi 405, kwinako ndi mdima pamwamba ndi pansi. Ngati mulibe njira ina, gonekani foni kuti vidiyo idzaze sikirini, imitsani, dikirani kuti timabatani ndi mzere wa nthawi zichoke, kenako jambulani.

Njira yachiwiri ndi kutulutsa frame pa foni pomwepo. Ngati muli ndi Google Photos, tsegulani vidiyo, dinani Edit, yendetsani chala pa mzere wa tizithunzi mpaka pamene mukufuna, kenako dinani Export frame. Chithunzi chimatuluka ndi kukula kwa vidiyo yeniyeni, ndipo mulibe timabatani.

Njira yachitatu, imene ine ndimaikonda, ndi ya pa kompyuta ndi pulogalamu yotchedwa VLC. Ndi yaulere, ndipo imapezeka pa makompyuta ambiri a m'masukulu ndi m'mashopu omwe amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Chitani motere:

1. Tsegulani Tools, kenako Preferences, kenako Video. Pansi pake mupeza pamene palembedwa Video snapshots.

2. Pa Directory sankhani foda yosungiramo zithunzi. Pa Prefix lembani dzina la kalabu yanu m'malo mwa vlcsnap. Chongani Sequential numbering kuti zithunzi zizikhala ndi manambala otsatana. Pa Format sankhani png. Dinani Save.

3. Tsegulani vidiyo, ndipo mukayandikira pamalo pamene mukufuna, imitsani.

4. Dinani chilembo cha E. Kudina kamodzi kumasuntha vidiyo ndi chithunzi chimodzi kupita kutsogolo. Mukapitirira, gwirani Shift ndi muvi woloza kumanzere kuti mubwerere masekondi atatu.

5. Mukapeza chimene chakusangalatsani, gwirani Shift ndi S. Chithunzi chasungidwa, ndipo kukula kwake ndi kwa vidiyo, kaya windo ya pa kompyuta ndi yaing'ono.

Musathamange. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'anani maso a munthu ngati ali otsegula, pakamwa ngati sipanapotoke, manja ngati sakuoneka ngati utsi. Tolani zithunzi zisanu kapena khumi pa malo amodzi, mudzasankhe bwino pambuyo pake mutazikulitsa pa sikirini.

PNG kapena JPG?

Awa ndi mayina amene mumaona kumapeto kwa dzina la fayilo, ndipo amatiuza mmene chithunzi chasungidwira. JPG, imene ena amalemba JPEG, inakhazikitsidwa mu 1992. PNG inabwera mu 1996.

Ife a kunyanja tingazimvetse mosavuta. JPG ili ngati usipa woyanika pa thandala. Wapepuka, ungaunyamule wambiri m'thumba limodzi mpaka ku Lilongwe, ndipo ndi ndiwo yabwino ndithu. Koma madzi amene achokamo sabwereranso. JPG imachepetsa fayilo potaya tinthu tina timene maso saona msanga. PNG ili ngati nsomba yaiwisi. Palibe chachokamo, koma ndi yolemera kunyamula. Chithunzi cha 1080p chikakhala PNG nthawi zambiri chimafika 2 MB kapena kuposa, pamene JPG yake yabwino imakhala pafupifupi theka la MB.

Vuto lalikulu la JPG ndi ili: nthawi iliyonse mukaitsegula, n'kusinthapo kanthu, n'kuisunganso, imatayanso tinthu tina. Mmodzi adula, wina awalitsa, wina alembapo mawu, wina atumiza pa gulu. Pomafika kwa osindikiza, chili ngati fotokope ya fotokope ya fotokope. Kungokopera fayilo kuchoka pa foni kupita pa fulashi sikuononga kanthu. Chimene chimaononga ndi kusintha ndi kusunganso.

Ndiye lamulo langa ndi losavuta. Potola, tolani PNG. Kudula, kuwalitsa ndi kulembapo mawu, chitani pa PNG. Mukamaliza zonse, pangani JPG imodzi yoti mutumize, ndipo ngati pulogalamu ikufunsa Quality, ikani pa 90. PNG ija isungeni pa fulashi ya kalabu. Posita yokhala ndi malemba ndi chizindikiro cha kalabu ndi bwino kupita nayo kosindikiza ili PNG, chifukwa JPG imaika tizinyalala m'mphepete mwa zilembo.

Koma musanamizidwe. PNG siikonza chithunzi choipa. Ngati vidiyo inali ya chimbuuzi, PNG idzasunga chimbuuzicho mokhulupirika. Ndiponso kusintha JPG yoonongeka kukhala PNG sikubweza kanthu. Ena mudzakumana ndi mafayilo othera ndi HEIC, makamaka ochokera pa iPhone kuyambira mu 2017, kapena WebP ochokera pa intaneti. Makompyuta akale amakana kuwatsegula, ndiye asintheni kukhala JPG musanapite kosindikiza.

Nanga mavidiyo akale?

Makalabu ena akale ali ndi ma DVD kapena matepi a masewero a m'zaka za m'ma 2000, nthawi imene mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Imeneyo ndi mbiri yathu, musaitaye. Makamera a nthawi imeneyo ankajambula zithunzi 25 pa sekondi, za timadontho 720 ndi 576, ndiye chithunzi chake chimakhala bwino chikasindikizidwa chaching'ono, masentimita 6 kapena 7.

Makamerawo ankajambulanso chithunzi chilichonse m'magawo awiri, mizere ina poyamba, mizere yotsala pambuyo pake. Munthu akasuntha pakati pa magawo awiriwo, m'mphepete mwa thupi lake mumaoneka timizere ngati mano a chipeso. Mu VLC tsegulani Video, kenako Deinterlace, n'kusankha On musanatole chithunzi, timizere tija tichoka. Mavidiyo a m'mafoni alibe vuto limeneli.

Chithunzi sichiyeza magazi

Tsopano ndifike pa kulakwitsa kwanga kwachiwiri, kumene kuli kwakukulu kuposa kuononga ndalama. Titamva malangizo a mkulu wa pa shopu uja, ndinabwerera ndi vidiyo yeniyeni. Tinatola chithunzi chokongola kwabasi. Chinali cha mtsikana wa m'kalabu mwathu amene m'seweromo anali munthu woti wapezeka ndi kachilombo ka HIV. Anagwira kabotolo ka mankhwala, maso ali kwa oonera. Pansi pake tinalemba kuti, “Ndili ndi kachilombo koma ndili ndi tsogolo.” Tinamata maposita pa msika ndi pa depoti, tili osangalala kuti tagwira ntchito.

Sitinalembe kuti ndi sewero. Mwini wake sitinamufunse, makolo ake sitinawafunse. Amene anaonera seweroli ankadziwa, koma ambiri odutsa pa depoti sanalione. Patangopita masiku ochepa, kusukulu anayamba kumuloza zala, pa mjigo amayi ena akumanong'onezana. Mtsikanayo anasiya kubwera ku kalabu.

Tsiku lina madzulo mayi ake anafika kwathu. Ndinawapatsa mpando, n'kunena kuti, “Ama, ndalakwa.” Iwo anati, “Mwana wanga, ine sindikukana ntchito yanu. Koma nkhope ija ndi ya mwana wanga. Bwanji simunabwere kudzandifunsa?” Ndinalibe choyankha. M'mawa mwake tinamatula maposita onse, koma wina anali atajambula kale imodzi n'kuiika pa foni. Madzi akatayika saoleka. Zinatenga miyezi kuti mnzathuyo abwerere, ndipo anabwerera chifukwa cha kulimba mtima kwake, osati chifukwa cha nzeru zathu.

Tisamvane molakwa. Kukhala ndi kachilombo si chamanyazi. Munthu amene akumwa ma ARV mwandondomeko amakhala wathanzi, amaphunzira, amagwira ntchito, amamanga banja, ndipo tizilombo tikachepa m'magazi mpaka kusapezeka poyeza, sapatsira mnzake pogonana. Miseche imene inabuka ikungoonetsa kuti kusalana kukadalipo, ndipo kuthetsa kusalanako ndiyo ntchito ya makalabu athu. Koma nkhani ya magazi a munthu ndi ya mwini wake. Ndi iye amene asankhe kuuza ndani, liti, ndiponso motani. Lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi chimenechi ndipo limaletsa kusala munthu chifukwa cha HIV.

Mu vidiyo, munthu amalankhula, nkhani imayenda, aliyense amaona kuti ndi sewero. Mukatolamo chithunzi chimodzi, zonsezo zimatsala, ndipo woona amadzipangira yekha nkhani. Ndiye kalabu yathu inagwirizana izi:

1. Tisanajambule, timalengeza kwa anthu kuti tikujambula ndi chifukwa chake. Wosafuna amakhala mbali imene kamera siikuloza.

2. Chilolezo cha vidiyo si chilolezo cha posita. Munthu timamuonetsa chithunzi chenichenicho pamodzi ndi mawu amene tilembe pansi pake, ndi kumuuza komwe chikaikidwe. Akavomera amasaina m'buku la kalabu. Akakana, nkhani yatha, palibe kumunyengerera.

3. Ngati sanakwanitse zaka 18, timafunsa iye ndiponso makolo kapena omulera.

4. Chithunzi chilichonse cha sewero timalemba moonekera kuti, “Awa ndi osewera, chithunzichi ndi cha m'sewero.”

5. Timayang'ana kumbuyo kwa chithunzi. Kodi mukuoneka munthu amene ali pa mzere wokayezetsa magazi? Kodi mukuoneka chitseko cha chipinda cholandirira mankhwala, buku la kuchipatala kapena dzina pa botolo? Ngati zilipo, timadula mbali imeneyo kapena kusankha frame ina.

6. Pa hema yoyezera magazi ndi pa misonkhano ya magulu a anthu amene ali ndi kachilombo sitijambula, pokhapokha eni ake atatipempha.

7. Timazimitsa Location mu kamera, kuti fayilo isanyamule malo amene inajambulidwira.

Nthawi zambiri uthenga umamveka bwino popanda nkhope n'komwe. Manja awiri ogwirana, gulu lojambulidwa cha kumbuyo likuonera sewero, ng'oma ndi miyendo ya ovina, bwato pagombe: zonsezi mungazipeze mu vidiyo yomweyo ngati mufufuza modekha.

Potumiza kwa akonzi

Mukasankha chithunzi, chipatseni dzina lomveka, monga dzina la kalabu, chochitika ndi tsiku. Musalembe dzina la munthu pa fayilo. Tumizani JPG yabwino ija ngati Document, kuti isafinyidwenso m'njira. Musalembe mawu pa chithunzi chenichenicho. Alembeni padera: chikuchitika n'chiyani, kuti, liti, ndipo ngati ndi sewero nenani. Onjezerani kuti amene akuoneka avomera. Zithunzi ziwiri kapena zitatu zosankhidwa bwino zimathandiza kuposa makumi awiri zongotola.

Sungani vidiyo yeniyeni ndi ma PNG pa malo awiri, fulashi ya kalabu ndi kompyuta kapena memori khadi. Mafoni amagwera m'madzi, amabedwa, amafa. Koma fulashiyo isamayendeyende m'manja mwa aliyense. Ikhale ndi mlembi kapena mlangizi wa kalabu.

Zokambirana pa kalabu yanu

1. Kodi foni imene mumajambulira ili pa 720p, 1080p kapena 4K? Ionani limodzi lero.

2. Tengani vidiyo imodzi, tolani chithunzi pojambula sikirini, china ndi Export frame kapena VLC. Zikulitseni, mukuona kusiyana kotani?

3. Mukanakhala inu mtsikana uja, mukanafuna kuti kalabu ichite chiyani isanamate posita? Nanga itamata kale?

4. Anthu a kwanuko akaona munthu pa posita ya Edzi amaganiza chiyani? Kalabu ingachitepo chiyani?

Anzanga, safunsa anadya phula. Funsani za kamera musanajambule, ndipo funsani mwini nkhope musanasindikize. Kalabu yathu inapanganso posita ina chaka chotsatira. Pa chithunzipo pali tonse khumi ndi awiri, titaima pagombe masana dzuwa lili kumapiri, aliyense atasaina m'buku. Mnzathu uja ndi amene anasankha frame yake.